Pepala Lamene Ambuya Yotamu Anakana

Mawa chikwana chaka ambuya Yotamu chimwalilire. Mu foni yanga muli zithunzi za chilichonse, mbuzi za aneba, mabasi a ku Lusaka, nsapato zamene sinizagulapo, koma cha iwo mulibe olo chimodzi. Ine Esi, wamene nimakonza mafoni pa msika wa Chongwe, wamene nimajambula na maliro a anthu osawadziwa! Anthu akati tionetseko ambuya ako aja, nilibe chowaonetsa. Ndiye nizalemba chabe. Muwerenge mpaka pothera, chifukwa nkhani iyi yanilemera maningi.

Ambuya anali atate ao a amayi anga. Kwao kunali ku Katete. Anabwera kuno kudzagwira ntchito pa famu ya mzungu wa fodya njira ya ku Kasisi, anakwatira Msoli wa ku Nkomeshya, apongozi anawapatsa munda, basi anakhaliratu. Mudzi wonse unali kuwaitana ba Dalaiva, koma palibe wamoyo wamene anawaonapo atagwira chiwongolero. Mu minibasi anali kukhala kumbuyo, maso atatseka, dalaiva akasintha giya moipa umangomva, "Wapha galimoto, mwana iwe." Chokhacho ndiye chinali kuonetsa.

Anali munthu wovuta, sinizanama. M'mawa uliwonse anali kusesa pabwalo okha, mwamuna wamkulu na tsache, azimayi akuseka pa mjigo. Ndipo kusesa kwake kunali kobwerera chambuyo, kuti pa mchenga pasatsale phazi olo lao. Ukadutsapo asanamalize, udzamva. Ku maliro anali kuvula nsapato manda akali kutali, olo mu Okutobala nthaka ikuwotcha monga mbaula. Amalume Geresomu, mwana wao woyamba, anali kukwiya nazo zimenezi. "Atate, mutichititsa manyazi, anthu aziti sitikugulirani nsapato!" Ambuya anali kuyankha chabe kuti amene agona uko sanawaitane, ndiye sangalowe kwao monga mwini nyumba.

Chibemba anali kuchidziwa, Chisoli, Chizungu, na chinenero cha ku migodi. Koma kumasulira, awe. Tsiku lina ku tchalitchi kunabwera mlaliki wa ku Kitwe, akulu a mpingo ati ba Dalaiva tithandizeni. Anatenga chipewa chao, anatuluka nyimbo ili pakati. Kwa iwo munthu woima pakati pa anthu awiri osamvana anali woopsa kupambana mfiti, chifukwa angaphe m'modzi winayo akumuthokoza.

Manje zithunzi. Mu alubamu ya ukwati wa amayi muli phewa lao chabe. Ine nikatulutsa foni anali kuti, "Akazi anga, chotsani kagalasi kanu." Anali kuniitana akazi anga, mudziwa nthabwala za ambuya na mdzukulu. Ine nati, "Amuna anga, mwakalamba, lekani nijambuleko anthu aone zamene ninakwatiwa nazo." Anali kuseka, koma nkhope atatembenuzira ku nkhokwe.

Zonse zinatuluka tsiku lamene anabwera opopera mankhwala a udzudzu. Tinatulutsa katundu yense panja, kachitini kakale ka tiyi kanagwa, kanatseguka. Munali zinthu ziwiri. Kabuku ka laisensi yoyendetsera galimoto, ka nthawi ya azungu, kali na chidindo cha korona. Na chithunzi. Imwe! Ambuya ali mnyamata, kaki wosita, akumwetulira mano onse, dzanja pa thumba la shati. Pambali pao mdala woonda atagwada, ali na chibangili cha mnyanga pa mkono na tsache. Kumbuyo mitengo ikuluikulu na timanyumba ta udzu.

Sininafunse munthu. Ninajambula, ninaponya pa tsamba langa la pa intaneti, ninalemba ati onani ambuya anga anali kuonetsa alendo malo a mafumu kalekale, chikhalidwe chathu! Malayiki anabwera monga mvula. Ena ati ni kuti uku, tipange ulendo, tipeze basi. Ine kunyada. Tsiku lachitatu ninapita nayo foni kwa ambuya, nati onani mwatchuka.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anayang'ana nthawi yaitali, ndiye anati nichotse. Ninachotsa. Anati nizimitse foni, niike mu mtondo, nivundikire na lichero, nibwere nikhale pansi. Dzuwa linali pamutu, amayi ali kumunda. Chamene nilemba apa ni chamene anakamba, sininawonjeze. Dzina la malo anandiuza, koma sinizalilemba. Ninalakwa kale kamodzi.

Zinali zaka za m'ma 1950, nthawi ya Fedulo. Mzungu wa pa famu, wamene antchito anali kumutcha Mapaipi chifukwa cha kaliwo wake, anagulitsa fodya bwino, ndiye dona wake anati afuna kuona dziko. Anali atawerenga m'buku za musumba wina kumpoto, ndiye kuti mzinda wa mfumu yaikulu, m'mbali mwa nyanja. Ambuya anali atangotenga laisensi, munthu wakuda yekha pa mafamu onse a kuno wamene anali nayo. Anali kuyenda nayo m'thumba la shati olo popita kukasamba. Anakwera vaneti ali atatu, kudzera Broken Hill yamene manje ni Kabwe, fumbi, mapantoni owolokera mitsinje, masiku anayi.

"Mudzi umene uja sindinaonenso wina wotero," anatero ambuya. Iwo Chichewa chao chinali cha kwao, chakuya. Ati unali pa chitunda, nyanja ili pansi yoyera mpaka kosaoneka tsidya. Misewu ya mango yowongoka, mpanda wa bango wautali kuzungulira nyumba ya mfumu, ng'oma zazitali kupambana munthu zili pansi pa chisakasa chao. Kalaliki wa khoti la mfumu, munthu wophunzira wovala tayi, ndiye anawazungulitsa. Anawaonetsa bwato la mfumu la opalasa ambirimbiri, mfuti zakale za amalonda a minyanga, mtengo wamene anali kuweruzira milandu. Dona kujambula, kujambula. Ndiye anafunsa za manda a mafumu. Kalaliki anakana mwaulemu. Ati kumeneko olo mfumu yamoyo sipondako, amalowa munthu m'modzi chabe, mlonda wake, ndipo ulonda umenewo ni wa banja limodzi kuyambira makolo.

Apa ambuya ananigwira dzanja. "Ukamadzakamba, usaname kuti anandikakamiza. Bwana anali atavomera kale kuti basi. Ndine ndinati, dona, musadandaule, Yotamu adzakonza. Ndinafuna aone kuti palibe chitseko chimene sinditsegula."

M'mawa mwake anatsata kanjira ka kuseli kwa mudzi mpaka ku nkhalango ya manda. Anamupeza mlonda akusesa. Mchenga woyera kuyambira pa khomo mpaka mkati, iye akusesa chobwerera m'mbuyo, kuti mafumu akadzuka asapeze phazi la munthu. Ambuya anamupatsa moni m'Chibemba chao cha pa njanji, ananena chamene abwerera. Mdala anaseka, anaganiza ni nthabwala. Anati mwana wanga, apa sipalowa mlendo, atengereni ku nyanja akaone mvuu.

Ambuya anapisa m'thumba, anatulutsa laisensi.

"Ndinati, ili ndi pepala la Boma. Bwanayu watumidwa ndi Bwanamkubwa wa ku Lusaka kudzaona manda. Mukakana, mawa kubwera asilikali ndi nkhwangwa, mitengo yonseyi igwa."

Mdala anaika tsache pansi. Analandira kabuku na manja awiri, mozondotsa, chifukwa sanali kudziwa kuwerenga. Koma korona anali kuidziwa, anali kuiona pa pepala la msonkho. Anaiyang'ana, anayang'ana mitengo, anabweza. Ndiye anagwada, anawomba m'manja kuyang'ana mkati, anakamba motsitsa na amene agona mmenemo. Atamaliza anapempha chinthu chimodzi chabe: ngati Boma lalamula, alowe, koma avule nsapato.

Dona anafunsa ati akuti chani mdalayu.

"Ndinati, akuti takulandirani. Kuuza mzungu kuti avule nsapato, ine? Mawu amenewo ndinawameza."

Analowa. Zamene anaona mkati ambuya anakana kuniuza, ndipo ine sininaumirire. Anati chabe nsapato za dona zinali na zidendene zosongoka, ndipo potuluka mchenga wonse unali maenjemaenje monga munthu wabzala nshawa. Pa khomo dona anawaika pamodzi awiriwo, mdala atagwada, ati Yotamu seka. Ndiye chithunzi chija. Mdala anali kufuna kuti achoke msanga asese, koma azimayi opita kukatunga madzi anali ataona kale.

Dzuwa lisanafike pamutu ng'oma inalira. Ambuya anali pa gombe, pafupi na nyumba ya alendo, akumanga nsomba zouma na timipando tosema pa vaneti. Anaona gulu likutsika chitunda, akulu a mfumu kutsogolo, kalaliki wa tayi, pakati mlonda uja. Chibangili anali atamuvula kale. Atawaona ambuya anathamanga, mdala wamkulu, anagwa pa mapazi ao, anagwira buluku.

"Mwana wanga, ni uyu! Aonetse pepala lija. Aonetse aone kuti ni Boma."

Kalaliki anatambasula dzanja. Anakamba m'Chizungu choyera, ati tione kalata yamene mwabwera nayo.

Apa nkhuku inadutsa pakati pa ine na ambuya, iwo anaiyang'ana mpaka inazimirira kuseli kwa khitchini.

"Kabuku kanali pano," anagunda pa chifuwa. "Munthu uja akanangotsegula, akanawerenga kuti ndi laisensi ya galimoto. Anthu anali ambiri, ena ndi nkhafi m'manja. Bwana anali pakhonde akusuta. Ndinati, pepala liti?"

Kalaliki anafunsa ati nanga anakulowetsani bwanji. Ambuya anayang'ana kaliwo wa bwana, bodza linabwera lokha. Anati bwana anamupatsa fodya.

Ati gulu lonse linapuma kamodzi, monga ng'ombe ikalasidwa. Mdala sanakuwe. Anasiya buluku, anakhala pansi pa mchenga, akuwayang'ana ambuya kumaso. Pasanapite nthawi nyumba yake inali itasasulidwa denga, tsache lake atalithyola pakati. Anamukweza mu bwato na mkazi wake na ana, kuwapereka ku chisumbu cha pakati pa nyanja, kwamene anali kutaya anthu olakwira mafumu. Kamtsikana kake kakang'ono kanali katakumbatira nkhuku. Dona anatuluka na kamera yake, wokondwa, ati Yotamu, ni mwambo wanji uwu, ni chikondwerero? Ambuya anati inde dona.

Anayendetsa masiku anayi kubwerera, osalakwitsa giya olo kamodzi. Dona atatsukitsa zithunzi anawapatsako chimodzi monga mphatso. Fodya wa chaka chotsatira asanakololedwe anasiya ntchito, sanagwirenso chiwongolero.

Nitatulutsa foni mu mtondo ninapeza uthenga. Unali wa mayi wina, ba Mwape, nesi wa ku Ndola, wamene anaona chithunzi nisanachichotse. Ati mwana, malo ayo sajambula, koma nifuna nikufunse, chithunzi ichi wachitenga kuti? Wogwadayo ni tate wa ambuya anga. Ife tilibe nkhope yake, tamudziwira chibangili na khomo.

Ninawaimbira. Ba Mwape ananiuza kuti mdala anafera pa chisumbu. Mpaka kufa anali kukamba za pepala la korona, ndipo olo ana ake anafika poganiza kuti anama. Mpaka lero banja lao ku musumba amalitcha aja anagulitsa mafumu na fodya. Akamwalira saikidwa ku mtunda, amawolotsedwa kupita ku chisumbu. Mlongo wao anakanidwa mkazi chifukwa cha dzina limenelo. Ndipo kamtsikana ka nkhuku kaja kanali kakali moyo, ndiye ambuya ao, maso atafa.

Ba Mwape anapita okha kwa akulu a ku musumba. Yankho linabwera: ngati munthu wa pepalayo alipo, abwere yekha nalo, aime pamaso pa akulu, akambe na pakamwa pake. Akatero dzina la banja lizasambitsidwa.

Ine nati zaphweka! Ambuya, tiimbe vidiyo, mphindi ziwiri chabe, akulu akuonani, mwamaliza. Anakana. "Bodza ndinalinena nditaponda mchenga wao. Ndikalibweza komweko. Kagalasi kanuko ndi dona uja wabweranso." Tsiku lina ninayesa kuwajambula mawu mobisa, foni ili m'chitenje. Anadziwa. Masiku awiri sananiitane akazi anga, sananiitane olo Esi. Ninafufuta.

Anati apita. Ananituma nikawagulire nsapato ku salaula kogulitsa zovala zakale, zakuda, ati kwa mfumu supita na zong'ambika olo ukazivule pa khomo. Analongedza kachikwama, kachitini mkati. Koma anati tiyambe takolola. Titakolola anati kwazizira, chifuwa. Kutatentha miyendo inatupa. Amalume Geresomu naonso anali kuthira mafuta pa moto: "Atate, mufuna mukafere mu basi chifukwa cha anthu amene simuwadziwa? Zinapita izo. Iwe Esi na foni yako ndiwe watibweretsera tsoka." Ambuya anawayankha kuti sukulu yamene iye Geresomu anaphunzira inayambira pa thumba la shati lija pamene anabisa laisensi kuti apulumuke, ndiye atseke pakamwa. Sabata yonse sanakambitsane.

Kamodzi tinafika mpaka pa siteshoni ya Chongwe. Ine na iwo, nsapato zatsopano zili mu pulasitiki kuti zisade. Tinakwera minibasi ya ku Lusaka, tinakhala kumbuyo. Inatsala malo a munthu m'modzi. Ambuya anali kutuluka thukuta, dzanja lili pa chifuwa. Ndiye anati afuna kukataya madzi. Anatsika. Basi inadzaza, kondakitala akumenya chitseko: "Shikulu, mukwera olo simukwera? Iyi si nyumba ya okalamba!" Anthu kuseka. Ninasuzumira pa windo, ninawaona ali kutali, adutsa kale ogulitsa tomato, akuyenda na ndodo yao kulowera njira ya kumudzi. Osati ku chimbudzi. Ninatsika na chikwama, ninawatsata. Pafupi na nyumba anati, osaniyang'ana, "Ndimamuonabe atakhala pa mchenga. Ndikafika kumeneko ndipeza mwana wake ali ndi maso omwewo." Nati ambuya, maso ao anafa. Anati ndiye zoopsa kwambiri.

Nimawakonda ambuya anga, koma nizakamba zoona: anaopa kawiri. Ali mnyamata na ali mdala.

Anamwalira m'mawa, mvula yoyamba isanagwe. Amayi anawapeza pa mpando wao, tsache lili pa miyendo, bwalo losesedwa theka. Ku manda ine nekha ninavula nsapato. Amalume ananiyang'ana moipa, sininasamale, mapazi anatuluka matuza.

Ninawaimbira ba Mwape, nati nizabwera ine na kabuku na chithunzi, nizakamba zonse. Anakafunsa. Akulu anati laisensi ni laisensi, aliyense angatole yakale, ndipo mdzukulu sanalipo pa gombe tsiku lija. Mlandu unafuna pakamwa pa mwini wake. Watsekedwa.

Ba Mwape anawauzabe ambuya ao zonse zamene ninakamba. Ati gogoyo anati, kansi atate sananame. Kenaka anafunsa funso limodzi, ati nikalifunse kwa ine: munthuyo zaka zonsezi anali wolemala? Ninayankha kuti iyai, anali kuyenda bwino. Gogoyo anamwalira nthawi ya dzinja, ndipo anamuwolotsa pa bwato monga ena onse.

Dzulo ninapita kumudzi. Mpando wao wa zingwe ukali pansi pa mtengo wa masuku, mwendo umodzi chiswe chayamba. Mtondo uja uli pomwepo. M'nyumba, pansi pa bedi, muli kachikwama kosamasula na nsapato zakuda mu pulasitiki yake, zosapondapo pansi. Amalume afuna azitenge, sizikuwakwana. Tsache amayi analitengera ku khitchini.

Pabwalo palibe wosesa manje. Pali masamba, zitosi, mapazi a nkhuku, a mbuzi, a ana a aneba odutsa kupita ku mjigo, matayala a njinga. Ninatulutsa foni kuti nijambule, ninaibweza m'thumba. Nitafika pa msewu ninacheuka, ninaona na mapazi anga ali pomwepo, mizeremizere ya nsapato zanga, kuyambira pa mpando wao mpaka pa njira.